Msana wa Ambuye Jelevaziyo

Apoloniya Nachisale analota dzuwa likuswa mtengo, ali tsonga pa lole yopita ku mishoni, kuti mwala umene anaufukata m'chitenje wayamba kupuma. Sanadabwe. Anangomasula mfundo pang'ono kuti upezeko mpweya, monga achitira munthu ndi nkhuku ya m'dengu.

Mwalawo unali wa mwana wake, Donata. Kwawoko kuli mwambo wake. Munthu akadwala mpaka achipatala n'kunena kuti kaziyeserani kunyumba, abale amatola mwala pakhomo pake, wodwalayo n'kuuzirapo mpweya, ndipo pa chikondwerero cha Jelevaziyo Woyera amakauika pamanda pake akunena kuti, “Senzani Ambuye, ife tatopa.” Jelevaziyo ameneyu anali episkopi wawo kalelo, agogo ake a Apoloniya adakali atsikana. Amati chaka cha chigumula anaolotsa anthu pa mtsinje wa Namitondo powabereka kumsana, mmodzimmodzi, mpaka madzi anamutenga. Thupi silinapezeke, ndiye m'mandamo anaikamo nsapato zake. Kaya ku Roma anavomereza zoti ndi woyera, zimenezo n'za a ku Roma omwewo. Kwawo kwa Apoloniya anali woyera basi, ndipo manda ake anasanduka phiri la miyala loposa denga la tchalitchi.

Donata anali telala wa manja abwino, koma sanakhalenso pa makina chibadwire mwana wake, amene anangolira kamodzi n'kupita. Mwamuna wake anati akukafuna ganyu ku tauni, ndipo ganyuyo akuifunabe. Tsopano Donata anali atatha, mafupa okhaokha pamphasa. Apoloniya anaganiza kuti vuto lalikulu lifuna mwala waukulu, choncho sanatole kamwala ka panjira. Anazula fuwa limodzi pamoto pa Donata, lakuda ndi mwaye, n'kusiya awiri ali yasa ngati mano a nkhalamba.

Pambali pake pa lolepo panakhala Felesiya wa khomo loyandikana nalo. Ndi Felesiya amene anasambitsa kakhanda kaja n'kukanyamula mpaka kumanda, Apoloniya manja atamuuma. Ndi yemweyo ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse osadikira kutumidwa. Nayenso anali ndi kamwala kake kangati dzira la njiwa, ka mwana wake wotsiriza amene malungo anamulowa m'mutu.

Lole inakaima m'kati mwa tchalitchi, pakati pa mabenchi, ndipo anthu anatsika mwaulemu akupinda bondo kuloza ku guwa. Pansi ponse panali madzi olekeza m'akakolo. Timatemba tinkadutsa pansi pa mabenchi tili pamzere, ngati ana opita kukalandira ukaristiya woyamba.

Pakhomo la kuseri kwa guwa panaima a Protaziyo, akatekisiti amene anamuphunzitsa Apoloniya ali mwana. Anamwalira kalekale, ndipo thonje linali lidakali m'mphuno mwawo, koma jekete anali atalisita bwino.

“Anachisale, mwachedwa,” anatero. “Vulani nsapato. Ambuye akulandirira alendo kunjaku.”

Apoloniya anavula. Anafunsa ngati Donata achire, koma a Protaziyo anayankha kuti funso limenelo mu katekisimu mulibe, ndipo iwo sayankha zimene mu katekisimu mulibe. Ali moyo ankateronso.

Pafupi ndi khomolo panali chifanizo cha Ambuye Jelevaziyo, chovala chisoti chosongoka, masaya osalala, dzanja lili m'mwamba kudalitsa. Apoloniya anachidziwa, poti ankachipukuta fumbi chaka chilichonse pamodzi ndi amayi a m'mphakati mwake. Anagwada m'madzimo kuti ayambe pemphero.

“Musataye nthawi ndi ine, mayi,” chinatero chifanizo. “Anandiumba kumaso kokha. Msana ndilibe.”

Anasuzumira kuseri kwake ndipo zinalidi choncho. Kunali mphako, zisa za mavu ndi nyuzipepala zakale zimene woumba anatsekera. Zaka zonse zija akupukuta, sanaganizepo zochitembenuza.

Amene anamuperekeza inali ndodo ya ubusa ya Ambuye, yokhota kumutu ija. Inkadumpha pambali pake ndi mwendo wake umodzi m'kanjira kamdima, ikusimba za mwini wake mosathamanga. Inati Jelevaziyo anabadwa kwa mayi wamasiye woumba miphika, ndipo anatalika msanga, moti anzake ankamutuma kuthyola chilichonse chimene chinali pamwamba. Ku seminale ankachapa za eni, kulima ndime za eni, ngakhale kulandira chilango cha eni. Uepiskopi anam'patsa chifukwa anthu onse ankamukonda, ndipo ankamukonda chifukwa mawu oti ayi sankatuluka pakamwa pake. Bedi lake ankagonapo odwala. Njinga yake ankaiona ikudutsa pamsewu ndi anthu amene sankawadziwa, iye n'kuwadalitsa. Tsiku la chigumula anaiimika ndodoyo pa gombe pambali pa nsapato zake, n'kuiuza kuti abwera pompano.

“Ndikudikirabe,” inatero ndodo, ndipo inakankha chitseko ndi mutu wake.

Kuseri kwa chitsekocho kunali mtsinje wa Namitondo utadzaza, madzi ofiira, ukunyamula mapesi, madenga ndi mbuzi zotupa. Pagombe panali chinamtindi cha anthu ovala zitenje za nkhope ya Ambuye. Ankaimba nyimbo zake ndi kuponya miyala yawo. Pakati pa mtsinje panaima phiri lija la kumanda, ndipo ukaliyang'anitsitsa linkasuntha, koma pang'ono kwambiri, ngati mthunzi wa nyumba.

Apoloniya anayang'anitsitsa kumene miyalayo inkagwera. Miyala yambiri sinkafika. Inkagwera m'madzi chapafupi pomwepo, eni ake n'kuliza nthungululu poganiza kuti yalandiridwa. Felesiya anaima pambali pake akusinthasintha kamwala kake m'manja, ndipo ananong'ona kuti dzanja lake n'lalifupi, madzinso amawaopa. Apoloniya anamuuza kuti adikire, iye akaone kaye. Fuwa la Donata sakanaliponya, ndipo ngakhale akanatha sakanayerekeza. Analisenza pamutu n'kulowa m'madzi.

Madzi anamufika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Atayandikira anamva kuti phiri lonse likupuma, mwala uliwonse ndi kapumidwe kake, wina kubanika, wina kutsokomola, ngati wodi ya chipatala nthawi ya dzinja. Koma ina inali zii, ndipo imeneyo inali yambiri.

Pansi pa phirilo panali mutu wa nkhalamba. Imvi zinali matope okhaokha, chibwano chili m'madzi, madziwo akunyambita mlomo wam'munsi. Apoloniya anafuna dzanja kuti apsompsone mphete monga mwa mwambo, koma manja onse anali kumbuyo, pansi pa madzi, atagwiriza katundu.

“Ambuye,” anatero.

“Mwana wanga. Kodi tsidya likuoneka? Ine sindingathe kudzutsa mutu.”

Apoloniya anayang'ana. Linkaoneka, ndipo silinali kutali. Kunalibe angelo kapena kuwala kulikonse. Kunali chimanga chobiriwira, chingwe choyanikapo zovala, ndi mtengo wa mango. Pansi pa mtengowo panali makina osokera a Donata, chopondera chake chikugwedezeka chokha, kudikira mwini wake. Anawafotokozera Ambuye zonsezi, iwo n'kuthokoza, nati aka n'koyamba munthu kubwera pafupi moti n'kumufunsa.

“Kodi simunafike, Ambuye?”

“Sindinaolotse ngakhale mmodzi, mwana wanga.”

Anasimba mofatsa, akupumira pakati pa mawu kuti madzi asawalowe. Anati tsiku la chigumula lija analowa m'madzi chifukwa cha munthu mmodzi yekha, mayi awo owabereka, amene madzi anawatsekereza pa chulu. Anawabereka kumsana, ndipo bango la tsidya linali litatsala pang'ono kugwirika pamene wina anaitana kumbuyo kuti “Ambuye.” Anayankha, n'kubwerera. Anawaikira mwana pamwamba pa mayi awo. Atanyamukanso anaitana wina, ndipo atanyamukanso anaitana winanso. M'kupita kwa zaka anthu anasiya kubwera okha, anayamba kutumiza miyala.

“Amayi ali pansi pa zonsezi,” anatero. “Anasiya kulankhula kalekale.”

Apoloniya anafunsa za anthu amene amati anachira, amene mayina awo amawatchula pa Misa ya chikondwerero. Ambuye anati mwina anachiradi, Mulungu ndi wamkulu, koma kwa iwo sikubwera wowauza. Chimene ankadziwa n'chakuti mwala ukasiya kupuma umalemera kawiri.

Apoloniya anapsa mtima. Anali atasiya mwana wake pamphasa yekha, atayenda ulendo wonsewu, ndipo munthu amene ankamudalira anali pano, mlomo m'madzi, akufunsa njira kwa iye. Anaiwala kuti akulankhula ndi episkopi.

“Nanga osawauza bwanji kuti zakwana?”

“Ndi ana anga. Ndiyambire uti?”

Amati mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma iyi inkafera kuuna ndi mudzi wonse kumsana. Apoloniya anafuna kuwanena, koma akanawanena chiyani, pamene iye mwini anali ndi fuwa pamutu? Analitula n'kulifukata. Linkapuma mofooka, ndipo anadziwa kuti nthawi ya Donata ikutha. Anawapempha Ambuye kuti alonjeze kuti mwana wake akafika. Anati sangalonjeze. Anawapempha tsono kuti amukanize, kuti mtima wake ukhale pansi. Anati zimenezonso sangathe.

“Ikani, mwana wanga.”

Anapeza mpata pakati pa miyala iwiri, n'kuikapo fuwa pang'onopang'ono, zala zake zikulandirabe kulemera kwina. Mutu uja unatsika. Madzi anatseka pakamwa, anatseka mphuno, thovu n'kuyamba kutuluka. Phiri lonse linasiya kupuma nthawi imodzi, ana a eni, amuna a eni, amayi a eni, onse kudikira zala za Apoloniya. Analikoka msanga. Mutu unavuuka, ndipo nkhalamba inatsokomola matope kwa nthawi yaitali.

“Pepani,” inatero itapeza mpweya. “Yesaninso, mwina chakumanzereku.”

Apa ndi pamene Apoloniya analira. Analira Donata, analira nkhalamba yosadziwa kukanayi, analira mayi woumba miphika amene anapempha mwana wake kuti angomuolotsa. Misozi inagwera pa fuwa n'kutsuka mwaye, ndipo fuwalo linalankhula ndi mawu a Donata ali wamng'ono.

“Amayi, kukuzizira.”

Sanaganizenso zambiri. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kuwerama, n'kuliponyera fuwa kumsana monga ankachitira kale, n'kumanga mfundo pachifuwa. Atawongoka silinalinso fuwa. Anali Donata yemwe, miyendo yake yaitali ikulendewera m'madzi, chibwano chili paphewa pa mayi wake, mpweya wake ukufunda pakhosi. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma, ndipo kupepukako kunamuwawa Apoloniya kuposa mmene kulemera kukanachitira.

“Pitani,” anatero Ambuye Jelevaziyo. “Akakuitanani musayankhe. Ngakhale akhale ndani.”

Anawalambalala n'kulunjika tsidya. Madzi anamufika pachifuwa ndipo ankamukankha, koma mapazi ake ankapeza poponda. Ankaponda miyala ya anthu imene inagwera panjira, ina idakali yofunda, ndipo ankapepesa mumtima pa uliwonse. Phokoso la makina linayamba kumveka. Thupi la Donata linayamba kufunda, anasuntha mutu, n'kunena kuti akufuna chinangwa chowotcha. Chiyambire kudwala anali asanapemphepo chakudya, ndipo Apoloniya anaseka, kuseka kwenikweni, madzi ali m'khwapa. Bango la tsidya linali pafupi moti ankaona nyerere zikukwera.

Kumbuyo nyimbo inaduka. Kunagwa bata lalikulu, la anthu amene aona chinthu. Zaka zonsezi anali asanaonepo munthu akuyenda m'madzimo n'kumapitadi patsogolo. Kenaka mawu a a Protaziyo anamveka, a m'mphuno chifukwa cha thonje lija, akutsogolera monga ankachitira Lamulungu.

“Apoloniya wa kwathu.”

“Mutipempherere ife,” linayankha khamu lonse.

“Msana wa otopa.”

“Mutipempherere ife.”

Apoloniya analuma mlomo, osacheuka. Ansembe anamuitana, iye duu. Akuluakulu a mpingo anamuitana ndi mayina aulemu amene sanawamvepo, iye duu. Amayi a kwaya anapeka nyimbo pomwepo, yokoma ndithu, yonena kuti anabadwa mvula ikugwa ndipo ali mwana sankalira. Zabodza zokhazokha, poti mayi ake ankati analira mpaka anansi kusamuka. Kusayankha anthu otere sikunali kovuta. Anatambasula dzanja, ndipo nsonga ya bango inamukhudza chala.

“Make Donata.”

Mawuwa sanali a pemphero. Anali a tsiku ndi tsiku, a pa mpanda, a munthu wodzapala moto.

“Make Donata, ndine. Ndi kakang'ono, sikalemera. Inu mukupita komweko kale.”

Sikuti Apoloniya anaiwala zimene anamuuza Ambuye. Ankazikumbukira mawu ndi mawu. Koma anaona manja a Felesiya akukulunga kakhanda kaja m'nsalu yake yatsopano, anawaona akukumba kadzenje kumanda amayi ena ataima patali, anawaona akumwetsa Donata phala ndi supuni. Munthu amene anakuikira maliro umamuyang'ana bwanji mawa pachitsime, utamusiya akuitana? Kwawoko mwana amakwapulidwa akapanda kuyankha wamkulu, ndipo Apoloniya analeredwa bwino. Anadziuza kuti kamwala kamodzi si phiri, ndiponso tsidya ndi ili.

“Ndamva, Felesiya,” anatero. “Kamodzi kokha.”

Dzanja lalifupi lija linaponya molunjika. Kamwalako sikanagwere Apoloniya, chifukwa msana wake unali kale ndi mwini wake. Kanatera pa Donata, pakati pa mapewa, n'kukhazikika pomwepo.

“Amayi, ndani ameneyu?”

Asanayankhe unatera wina, waukulupo. Anthu anali ataona kuti woyera wayankha. Miyala inabwera ngati matalala, ndipo tsopano inkafika yonse, poti anthu anali atalowa m'madzi mpaka m'mawondo kuti aponye bwino. Apoloniya anakuwa kuti zakwana, kuti iye si woyera, ndi mayi chabe wa munthu mmodzi. Iye mawu oti ayi ankawadziwa, ndipo anawanena mpaka kummero kunauma, koma nyimbo inali yaikulu kuposa iye, ndipo amene anaona pakamwa pake pakuyenda anati akuwadalitsa. Anafuna kutembenuka kuti miyala izimugwera pachifuwa, koma mapazi anali atalowa kale m'matope. Khosi linapindika, bango silinaonekenso, ndipo anayamba kuona madzi okha.

Kutali kwina munthu ankamenya chitsulo cha lole, akuti tafika, tsikani. Dzanja linkamugwedeza paphewa. Apoloniya anayesa kutsegula maso kuti adzuke, koma maso anali otsegula kale, ndipo mtsinje unali pomwepo.

Pagombe panamveka nthungululu yaikulu. Uthenga unayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka unamupeza pakati pa madzi, kuti mwana wa Felesiya wadzuka, wakhala tsonga, wapempha phala. Anthu anagwada n'kuyamika Mulungu chifukwa cha mtumiki wake.

Ndi pamene Apoloniya anazindikira kuti pakhosi pake pazizira. Chibwano chinali chidakali paphewa, miyendo idakalendewera m'mbali mwake, koma mfundo ya chitenje inamukoka pachifuwa mwadzidzidzi, ndipo madzi anakwera kufika pachibwano.

“Donata,” anaitana.

Anaitananso ndi dzina lake la ubwana, limene ankalidziwa awiri okha. Anadikira nthawi yaitali. Ndiye anazula phazi limodzi m'matope n'kulisuntha patsogolo, chifukwa pakati pa mtsinje palibe pomutula mwana.